Delbert Anasiya Ntchito Lachinayi

"Ine palibe angandichotse ntchito," anatero Delbert Hruska, akuloza anzake ndi foloko. "Ndinalowa muno ndi miyendo yanga, ndidzatulukanso ndi miyendo yanga. Ndipo boma lidzandilipira ndili khale pampando."

Anali pa chakudya chamasana m'fakitale yopanga mipando ya galimoto, momwe Delbert anayamba kugwira ntchito akadali ndi tsitsi. Aliyense ankadziwa kuti Lachisanu fakitaleyo itsekedwa. Otis Varga, mnzake wa pamakina, anameza kaye sangweji yake.

"Mdala, ugwire mtima mpaka Lachisanu. Akuchotse ngati tonsefe, ukalembetse ku boma, uzilandira kangachepe sabata iliyonse mpaka upeze pena."

"Dikira iweyo, aise, ngati nkhukundembo yodikira kuphedwa pa chikondwerero cha mu Novembala."

Kunena zoona, kangachepe kameneko Delbert ankakafuna kuposa onse. Mkazi wake Loretta mawondo anali atatha. Mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo Janine, anali atanena kale, mwaulemu wake wopweteka uja, kuti lendi ikawakanika akakhale kwa iye, m'chipinda chapansi pa nyumba, kotsikira masitepe, pambali pa makina ochapira. Loretta atamva analira mobisa m'bafa. Delbert anamulonjeza kuti zimenezo sizichitika, ndalama za boma ziwafikitsa mpaka chisanu chithe.

Koma Lachinayi m'mawa kapitawo watsopano, munthu wosadziwa n'komwe amene akuwalamulira, anamuitana kuti Herbert. Delbert anavula magolovesi, anawaika patebulo bwinobwino, n'kunena mokweza kuti ndi akumakina akutali omwe amve: "Ndasiya ntchito." Anthu anaomba m'manja, kupatula Otis. Delbert anatuluka pang'onopang'ono kuti aliyense amuone bwino.

Kunyumba nkhaniyo anaifotokoza akuyerekeza kayendedwe kake, ndipo Loretta anaseka mpaka kutsokomola. Panali patapita nthawi asanaseke choncho. Delbert ankaibwereza madzulo aliwonse, kapitawo uja n'kumafupikirafupikira msinkhu m'nkhanimo.

Analembetsa ku boma monga anzake. Otis anayamba kulandira, enanso anayamba. Kwa Delbert kunali zii, mpaka m'mawa wina foni inalira, ya ku ofesi yoona za anthu amene ntchito yawathera. Iye anaikweza mawu n'kuiika pakati pa tebulo.

"Mayi a Janine, tabwerani mudzamve mmene amuna amayankhulira ndi boma."

Loretta anabwera akugwira khoma, n'kukhala.

"Bambo Hruska," anatero mayi wa ku ofesiyo ndi mawu otopa, "kuntchito kwanu atiuza kuti munasiya nokha. N'zoona?"

Bodza linali pafupi, Delbert analimva palilime. Koma Loretta anali akumwetulira kale, kudikira nkhani yake ija.

"N'zoona, mayi. Komatu fakitaleyo inatsekedwa mawa lake."

"Ndikudziwa. Koma pamene inkatsekedwa inu simunalinso wantchito wawo. Thandizoli ndi la amene ntchito yawathera iwo asakufuna. Pokhapokha ngati panali chifukwa chomveka. Anakuopsezani? Anasiya kukulipirani? Makina anali oika moyo pachiswe?"

"Ayi."

"Nanga chinachitika n'chiyani?"

Delbert anayang'ana pazenera. Chipale chofewa chinali chitayamba kugwa pagalimoto.

"Anandiitana kuti Herbert."

Kenaka kunamveka zala za mayi uja zikugogoda kompyuta.

"Ndilembe choncho, bambo?"

Loretta kumwetulira kunali kutamuthera.

"Mayi, taimani kaye," anatero Delbert, mawu atachepa. "Ndi tsiku limodzi lokha. Ndagwira moyo wanga wonse mmenemuja. Mkazi wanga sangathe kutsika masitepe. Chonde, mungolemba kuti Lachisanu, ndani angadziwe?"

"Pepani kwambiri, bambo. Pempho lanu lakanidwa."

"Chonde mayi, ndikugwadireni…"

Loretta anatambasula dzanja n'kudula foniyo, kuti asamvenso mwamuna wake akupempha.