Lamulo la Manja M'nyumba mwa Atelala

Mayi atelala anatopa kuona mwana wawo wotsiriza, kamtsikana kogontha makutu, akungoyendetsa maso pa milomo ya anthu ngati mlendo pakhomo pa makolo ake. Ndiye anaika lamulo: ukangolowa m'nyumba muno, pakamwa ndi podyera basi. Nkhani zonse zichokere m'manja.

Chinenero cha manjacho iwo anachitola okha pa foni makasitomala akachepa, phazi lili pa makina, diso pa kanema. Wailesi anaitsekera m'kabati. Mipando ya pabalaza anaizunguliza kuti aliyense aziona manja a mnzake. Ana akuluakulu ananyinyirika poyamba, koma posakhalitsa anafika pomatukwanizana ndi zala.

Amene anakana kwamtuwagalu ndi amuna awo, adalaivala. Akafuna madzi osamba ankangokuwa ali kuchipinda, ndipo mayi ankakhala phee ngati sanamve, ngakhale mtima unkawapweteka.

Tsiku lina kunatulukira alamu awo, achemwali a bambowo, munthu amene pakamwa pake sipadziwa tchuthi.

"Mlamu, ndinamva koma sindinakhulupirire. Ana abwinobwino mwawasandutsa osalankhula chifukwa cha mmodzi yekha? Si misala imeneyi?"

Mayi atelala anawalozera mpando, n'kuwathirira tiyi, milomo ili chitsekere.

"Achimwene, inu mukungoonerera?"

"Ndalankhula ndatopa, achemwali," anatero adalaivala.

Pamenepo kamtsikana kaja, kamene kale alendo akabwera kankabisala kuseri kwa makina, kanakweza manja. Kanatukumula masaya, kanaponyera azakhali ake diso, zala zikuthamanga. Akulu ake anafa nalo phwete. Mayi anayesa kudzigwira, koma anaseka mpaka misozi.

Adalaivala anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo. Chibadwire cha mwanayu anali asanamuonepo akuseketsa munthu, ndipo lero nthabwala yake inawadutsa iwo, bambo ake omubala. Zinawawawa, ndipo manyazi anawagwira.

"Amake mwana," anafunsa motsitsa mawu, "wanena chiyani?"

Mayi anaimirira, anayenda mpaka pakhonde pomwe lamulo lawo linkathera, n'kutembenuka.

"Funso limenelo mwanayu wakhala akufunsa ndi maso zaka zonsezi, pa tebulo lomweli, popanda womuyankha. Ine sindine womasulira wanu, bambo. Mwana ndi wanu, mufunseni nokha."