Makungwa Pakati pa Malata

"Wati ndibise anthu anga kuseri kwa zotsekera mabotolo?" anafunsa Si Mokrane, mwini mgodi wa miyala, uku akugogoda chotchinga chimene Tassadit anapanga ndi nsonga ya nsapato.

"Si zotsekera mabotolo, bwana. Ndi makungwa a mitengo ya koki ya m'nkhalango yathu yomweyi, opera ndi kumata pakati pa malata awiri. Wonga ukaphulika, mphamvu yake imathera m'makungwamo."

"Kodi ku yunivesite ya ku Jijel anakuphunzitsa zimenezi? Bambo ako ankasenda makungwa osapita kusukulu."

Anyamata ophwanya miyala anaseka, poti bwana akaseka nawenso umaseka. Amene sanaseke ndi Lounes, mchimwene wake wa Tassadit, chifukwa sanamve. Chaka chatha wonga unaphulika iye atabisala m'kanyumba kamalata ka pamgodipo, kanyumbako kanalira ngati mgolo womenyedwa ndi nyundo, ndipo anatulukamo magazi akuchucha m'makutu. Anthu ankabisalabe momwemo mpaka lero. Tassadit ankafuna makoma a kanyumbako akutidwe ndi zotchinga zake, ndipo zimene ankamva mumtima mwake unali ukali weniweni.

"Tiyeni tichiyese," anatero Tassadit. "Kuseri kwake ndiikako ichi."

Anatsitsa m'galimoto mtsuko wa malemu mayi ake, wodzaza mafuta a azitona. Lounes atauona anamugwira mkono.

"Mlongo wanga, wapenga? Chatsala cha amayi n'chomwechi!"

Tassadit anamuyang'ana m'maso n'kumuloza khutu. Lounes anamusiya.

Tassadit anaimika chotchingacho pafupi ndi thanthwe, mtsuko kuseri kwake, onse n'kuthawira kuseri kwa phiri. Kunamveka chimkokomo, nthaka inanjenjemera, fumbi n'kuti kobo! Tassadit ndiye anayamba kuthamangirako.

Lata lakutsogolo linali litapindikira mkati, makungwa ataphwatalala ngati mkate wopondedwa. Si Mokrane anaomba m'manja.

"Taonani! Kamodzi kokha, chatha ntchito. Malata a kanyumba kanga aja akadali chiimire."

Tassadit anazungulira kuseri, anawerama, n'kutulukira atasenza mtsuko pamutu. Unalibe ndi mng'alu womwe. Anautula pamapazi pa bwanayo, mafuta ali nde mpaka pakamwa.

"Malata anu akadali chiimire, inde. Nanga makutu a achimwene anga ali kuti? Changachi chimaphwanyika kuti munthu asaphwanyike."

"Sindigula chinthu chofa tsiku limodzi," anatero Si Mokrane, nkhope itachita tsinya. "Basi, masewera atha. Tikuphulitsa thanthwe lachiwiri. Aliyense m'kanyumba!"

Palibe anasuntha. Lounes anakhala pansi pambali pa mtsuko, n'kutulutsa mkate m'thumba. Anaunyema, anauviika m'mafuta a amayi ake, n'kupatsira mnzake. Mnzakeyo naye anakhala pansi. Posakhalitsa onse anali pansi, mkate ukuyenda m'manja.

"Lounes! Ndati m'kanyumba!" Si Mokrane anakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera.

Lounes anatukula mutu, nalankhula mokweza monga achitira anthu ogontha.

"Mukuti chiyani, bwana? Sindikumva. Makutu anga anatsalira m'kanyumba kanu komweko."

Tsiku limenelo thanthwe lachiwiri silinaphulitsidwe.