Mchenga wa Pagolo

Pabwalo la mpira lija panali munthu mmodzi wodana ndi mpira, ndipo ndiye ankasunga makiyi. Anthu ankawatcha Akapinga, chifukwa udzu wa pabwalopo ankausamala kuposa tsitsi la pamutu pawo, limene linawathawa kalekale osatsanzika. Osewera akamagwetsana, anthu n'kumakuwa, iwo ankangoyang'ana pansi kudandaula mabala a udzu. Wosewera mmodzi yekha ndiye ankamukhululukira: goloboyi wa timuyo, mchimwene wa akazi awo, amene aliyense ankamutcha Ulimbo poti mpira ukamukhudza m'manja sunkachokanso.

Ulimbo anali ndi kachitidwe kake. Magolovesi ankati ndi a anthu otsuka mbale kuhotela. Iye ankalavulira m'manja, n'kutapa dothi la pamzere wa golo, n'kutikita mpaka zikhatho zitakhakhala. Akagwira mpira ankanyambita nsonga za zala ngati munthu wotsegula buku, n'kutapanso dothi lina. Achemwali ake ankati mwanayo anadya kale dothi lokwana kuumbira njerwa za bafa.

Tsiku lina kochi analengeza kuti munthu wosaka osewera wa timu yaikulu ya mumzinda akubwera sabata yotsatira, ndipo akubwera kudzaona Ulimbo. Kunyumba kwa Akapinga kunasanduka ngati kwabadwa mwana. Akazi awo anachapa jezi yochapa kale, n'kuwauza amuna awo kuti mlamu wawoyo akapanda kutengedwa, mlandu udzakhala wa bwalo.

Ndipo bwalo linalidi ndi mlandu. Pagolo la kumpanda, limene Ulimbo ankalikonda, kapinga anali atayamba dazi ngati mwini wake. Pansi panali mbozi zoyera, zonenepa, zopindika ngati chala, zikudya mizu mwakachetechete. Ukakoka udzu unkasendeka wonse ngati kapeti. Akapinga sakanalola mlendo wa mumzinda aone manyazi amenewo.

Anapita kusitolo ya mankhwala a mbewu. Wogulitsa, mayi wa magalasi wolankhula ngati akuwerenga chigamulo cha khoti, anawatsitsira chitini cha lebulo yofiira chojambulidwa chigaza. M'katimo munali timibulu totuwa ngati mchenga wa kumtsinje, tonunkha ngati adyo wowola. Anawauza kuti awa ndi mankhwala a m'nthaka, malo ake ndi pansi osati pamwamba. Amapha mbozi, chiswe ndi tonse todya mizu posokoneza mitsempha, kachilombo n'kumanjenjemera mpaka kuuma. Koma mankhwalawo sanaphunzire kusiyanitsa mtsempha wa mbozi ndi wa munthu. Amalowa pakhungu, pamphuno ndi pakamwa. Avale magolovesi ndi jombo, akwirire, athirire madzi ambiri, atseke bwalo mpaka nthawi yolembedwa pachitini itakwana. Ndipo akadzaona munthu akuchucha dovu, thukuta ndi misozi, kamboni ka diso katachepa ngati nsonga ya singano, amuvule zovala, amusambitse ndi sopo, asamumwetse kanthu, asamusanzitse, athamange naye kuchipatala chitini chili m'manja.

Akapinga ankangoti eya, eya, maso a mumtima ali pa udzu wobiriwira.

M'mawa mwake anavala magolovesi ndi jombo, pamenepo sitingawanamizire. Koma pothira anathira mowolowa manja, ngati munthu wotsirira shuga mlendo wokondedwa. Atatsegula mpope kuti athirire, mpopewo unatsokomola, n'kukhala chete. Madzi anali atapita kwawo. Iwo sanade nkhawa kwambiri. Mlendo anali adakali kutali.

Anali asanavule n'komwe jombo pamene kochi anatulukira pageti akuthamanga, mimba ili patsogolo, foni ili m'mwamba. Mlendo wasintha ulendo, akudutsa lero lomwe masana. Timu ya kufakitale yavomera kale kudzasewera. Lero ndi lero.

Akapinga anatsegula pakamwa. Kochi anawonjezera kuti munthu ameneyo sabwera malo amodzi kawiri, ndiye ngati bwalo lili ndi vuto anene msanga, nkhani ithere pomwepo. Kumbuyo kwa kochi kunali Ulimbo, akudumphadumpha kumenya mtanda wa golo ndi chikhatho, mano onse ali pamtunda. Akapinga anatseka pakamwa paja.

Anthu atachoka anawaza mchenga pagolopo n'kusalaza ndi leki, akudziuza kuti mchenga nawonso n'kukwirira ndithu. Kenako anabwereka magolovesi a goloboyi wa pabenchi n'kumutsatira mlamu wawo m'chipinda chovalira. Anati lero kuli mlendo, munthu azioneka wamakono.

"Alamu," anatero Ulimbo akumanga nsapato, "lero lenileni ndiyambe kutsuka mbale?"

Anyamata onse anafa nacho chiseko. Akapinga anaseka nawo ndi mano okha.

Masana bwalo linadzaza mpaka ena anakwera pampanda. Mlendo anafika pa galimoto yoyera, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, ndipo asanakhale n'komwe pampando anali atalandira kale dzina: Wajekete. Akapinga anaima kuseri kwa ukonde, akazi awo ali pambali ndi ambulera. Anapempherera chinthu chimodzi, kuti Ulimbo ayambire golo linalo. Ulimbo analoza golo la kumpanda, analavulira m'manja, n'kuwerama.

Anyamata a kufakitale anabwera ngati alonjezedwa tchuthi. Mpira unangokhazikika kugolo la Ulimbo. Shoti yoyamba anaitola m'mwamba ngati akuthyola papaya. Yachiwiri inkalowera pakona yapansi, iye n'kuuluka chammbali, n'kutera ndi tsaya mumchenga, mpira uli pachifuwa. Ina anaikankha ndi nsonga za zala, ina anaikumbatira pamapazi a womenya. Bwalo linkagwedezeka. Anthu a pampanda ankaimba dzina lake, akazi a Akapinga ankabaya kumwamba ndi ambulera akuuza aliyense kuti ameneyo anamubereka kumsana ndi iwo. Wajekete, amene poyamba ankasewera ndi foni, anaiika m'thumba.

Ndipo akagwira, Ulimbo ankanyambita zala n'kutapanso dothi. Akanyambita iye, amene ankamva kuwawa pakhosi anali Akapinga.

Pafupi ndi ukonde panali nkhunda imene inkatolatola pagolopo m'mawa. Tsopano inali chagada, mapiko akuphiriphitha. Akapinga anavula chipewa n'kuivundikira akazi awo asanaione, dazi n'kulisiya padzuwa.

Chigawo choyamba chikupita kumapeto, jezi ya Ulimbo inali itanyowa ngati wagwera m'chitsime. Achemwali ake anati onani mmene mwana akugwirira ntchito. Misozi itayamba kutsika, anati akulira ndi chimwemwe. Koma Akapinga ankaona zina: dovu limene mnyamatayo ankapukuta ndi phewa likubwereranso, ndi mnofu wa pantchafu ukudumphadumpha wokha ngati muli kachule m'kati.

Pomwepo wotchinga kumbuyo anamukola mwendo womenya wa kufakitale, wezulo n'kulira. Penate. Bwalo lonse linaimirira. Wajekete anavula magalasi a dzuwa n'kusendera kumzere. Aliyense ankadziwa kuti Ulimbo pa penate ndiye pamudzi pake, ndipo mlendoyo anayendera zimenezi.

Ulimbo anabwera kuukonde kudzatenga thaulo. Anafufuza ndi dzanja, thaulo lili pamaso pake penipeni.

"Alamu," ananong'ona, "kukubwera mvula kodi? Kwada bwanji?"

Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo kobwereka. Akapinga anamuyang'ana m'maso. Timboni tija tinali tating'ono ngati nsonga ya singano, monga ananenera mayi wa magalasi.

"Tuluka, mlamu. Dothi limenelo ndathira mankhwala."

Ulimbo anawayang'ana, kapena anayang'ana kumene kunkachokera mawu. Kupuma kwake kunkalira ngati mpope uja wa m'mawa.

"Ndigwire kaye iyi yokha."

"Mpirawo sukuuona n'komwe."

"Ndiumva. Alamu, chonde. Munthu uja sabwera kawiri."

Anabwerera pamzere akudzandira, n'kulavulira m'manja, n'kuyamba kuwerama.

Akapinga, munthu amene pa moyo wake wonse anali asanathamangepo pa udzu, anadumpha chingwe chotchinga oonerera. Anadutsa pambali pa golo jombo zikulira phwa phwa, anamupitirira refa, anamupitirira womenya amene anali atabwerera m'mbuyo kutenga liwiro, n'kuumenya mpira uja ndi mtima wonse. Aka kanali koyamba kumenya mpira chibadwire. Unakwera, unadutsa mtanda, unadutsa anthu a pampanda, n'kukatera kwinakwake kumene kunalira galu.

Bwalo linaphulika. Ena ankati adya ndalama za kufakitale, ena ankati dzuwa lawalowa padazi. Refa ankaimba wezulo ngati akuitana apolisi. Akapinga anakweza manja n'kukuwa kuti pagolopo pali poizoni, aliyense achoke, amene wathira ndi iwo. Ulimbo anawagwira pakolala, chibakera chili m'mwamba. Chibakeracho sichinafike. Anawasanzira pajombo, mawondo n'kupinda.

Zimene ankayankha kuti eya, eya kusitolo zija zinabwerera zonse nthawi imodzi, ngati ana a sukulu belu likalira. Anavala magolovesi awo a labala, anamukokera mnyamatayo kutali ndi golo, n'kumuvula jezi, kabudula ndi sokosi pamaso pa bwalo lonse. Analanda mabotolo a madzi a matimu onse awiri, wina anathamangira sopo m'chipinda chovalira. Bambo wina anafika ndi mkaka, wina ankafuna kumulowetsa chala kukhosi. Onsewo Akapinga anawakankha ndi chigongono. Akazi awo, atamva bwinobwino chimene chachitika, anavala mapepala apulasitiki m'manja, dzanja limodzi n'kumatsuka mchimwene wawo kumaso, linalo n'kumawasambitsa amuna awo ndi ambulera.

Galimoto yokhayo imene sinatsekerezedwe pageti inali yoyera ija. Wajekete sanafunse zambiri. Anavula jekete n'kumufunditsa mnyamatayo, anamugoneka chammbali kuti asatsamwe, mawindo onse n'kutsitsa. Akapinga anathamangira kosungira zida, n'kubwera ndi chitini atachikulunga m'thumba lapulasitiki. Njira yonse ankamuitana mlamu wawo mayina onse, ngakhale a paubwana amene munthu wamkulu sayankha.

Kuchipatala adokotala anawerenga chitini asanamuyang'ane n'komwe wochibweretsa. Anabaya jakisoni wa atropini, anamvetsera pachifuwa, anabayanso, anamvetseranso, mpaka phokoso la madzi m'chifuwamo linayamba kuphwa. Kochi anafika ndi anyamata ena amene anagwerapo pagolo paja, onse atasamba ngati akupita kukafunsira. Atatuluka, adokotala ananena kuti mankhwala amenewa amadzaza chifuwa ndi madzi, munthu n'kumira ali pamtunda, ndipo akanangochedwa pang'ono bwenzi tikukamba zina. Anafunsa amene anathira. Dzanja limodzi linakwera. Anafunsa amene anamusambitsa n'kubweretsa chitini. Linakwera lomwelo. Adokotala anapukusa mutu n'kubwerera m'kati.

Wajekete anakhala pabenchi ya pakhonde mpaka anamva kuti mnyamatayo watsegula maso. Jekete yake anaisiya m'bini. Analankhula ndi kochi pang'ono, n'kunyamuka, Akapinga osawayang'ana. Iwo anangoona galimoto yoyera ikutuluka pageti, n'kudziwa kuti mwayi wa mlamu wawo anaumenya okha kudutsitsa mpanda.

Ulimbo anatuluka m'chipatala ataonda, atauzidwa kuti apume ndipo asayandikire mankhwala a mtundu umenewo. Kunyumba sankawalankhula alamu ake. Mchere ankapempha kudzera kwa achemwali, amene nawonso sankawalankhula, ndiye mcherewo unkayenda ulendo wautali.

Akomiti ya bwalo analamula kuti golo la kumpanda lizungulizidwe chingwe, dothi lonse lichotsedwe motsatira malangizo a alangizi a zaulimi, ndipo wokumba akhale yemwe anathira. Za makiyi anati akambirana akamaliza. Ndiye m'mawa wina Akapinga anali m'jombo, magolovesi ndi chophimba kumphuno, akuzula ndi manja awo kapinga amene anamulera ngati mwana. Mbozi zinali zitafa zonse. Pamenepo mayi wa magalasi sananame.

Atawongola msana anaona munthu atakhala pabenchi ya osewera, kutali ndi chingwe. M'manja anali atavala magolovesi atsopano, akuwayang'ana ngati nsapato za mwini.

"Akuyabwa," anatero Ulimbo, osayang'ana kwa munthu.

Akapinga anatsitsa chophimba. Anafuna kunena zambiri, koma anangomuuza kuti awazolowera.

"Wajekete waimba foni kwa kochi. Akuti manja anawaona, koma penate ija sinamenyedwe, ndipo iye sakonda kusiya zinthu pakati. Adokotala akandilola, abwera. Sanalonjeze kanthu. Akuti pabwalo lina, ndipo ndivale izi."

Fosholo inawapulumuka Akapinga n'kugwera pajombo.

"Akutinso womenya mukhale inu, alamu. Akuti shoti ngati ija sanaionepo. Mpira uja mpaka lero sunapezeke."

Madzulo a tsiku lomwelo anthu odutsa kuseri kwa mpanda anaona bambo wadazi atavala jombo akumenya mpira kulimbana ndi khoma, mnyamata wa magolovesi atakhala pandowa akumuuza kuti atsitse, golo silili kumwamba. Ankachitira pamsewu pafumbi. Pa udzu Akapinga anakana.