Atelala Atsata Mtsinje

Dokotala atawauza Atelala kuti kukhalira makina osokera tsiku lonse kukuwakulitsa mimba, akazi awo anawagulira njinga. Inangokhala pakhonde, anthu n'kumayanikapo matawulo. Amene anaidzutsa ndi alamu awo, mchimwene wa mayiwo, munthu amene aliyense ankamutchula kuti a Ndikudziwa chifukwa sankadikira kuti mnzake amalize kulankhula.

"Alamu, tiyende ulendo wautali, wogona m'njira," anatero a Ndikudziwa. "Tizingotsata mtsinje. Munaonapo madzi akukwera phiri? Kumene kwadutsa mtsinje kulibe chitunda."

Atelala anaona kuti mfundoyo ndi yomveka. Anasoka zikwama ndi nsalu yotsala ya makatani, yamaluwa ofiira, n'kuzimangirira pakaliyala. Mayi analongedzamo buledi, bulangete ndi mafuta opaka m'maondo, ndipo anawatsanzika mosangalala kwambiri moti Atelala zinawakhudza pang'ono.

Tsiku loyamba linakoma. Anadutsa m'minda ya nzimbe ndi ya mpunga, mtsinje uli kumanzere kwawo, waukulu, wodekha ngati sukuyenda. Anagona m'shedi ya mlimi wina pakati pa matumba a anyezi, ndipo m'mawa mwake galu aliyense wowathamangitsa ankangowanunkhiza n'kubwerera akuyetsemula.

Kenako msewu unayamba kulimba. Atelala ankapalasa ataimirira, thukuta likudonthera pahandulo.

"Alamu, ichi si chitunda?"

"Ndikudziwa. Ndi mphepo imeneyo, ikutiwomba kumaso."

"Nanga masamba bwanji sakugwedezeka?"

"Ndi mphepo yapansi."

Nzimbe zinatha, kunabwera chimanga, kenako mbatata ndi kabichi. Mtsinje unkacheperachepera koma phokoso lake likukula. Njinga ankangozikankha tsopano, ngati mbuzi zokana kupita kumsika. Atafika pa kamlatho ka matabwa anakhala pansi, Atelala n'kuyamba kusokerera pilo pachishalo, poti kumbuyo kwawo kunali kutatupa. Atawerama kuti adule ulusi ndi mano, chipewa chawo chinagwera m'madzi. Onse awiri anachiyang'ana chikuzungulirazungulira, kenako chinauyamba ulendo mothamanga, kulowera kumene iwo anachokera.

"Alamu," anatero Atelala, "chipewa changa chikupita kuti?"

A Ndikudziwa anatsokomola. "Chikuoneka ngati chikupita kunyumba."

"Ndiye kuti masiku onsewa madzi akutsika, ife tikukwera."

A Ndikudziwa anayamba kufinya matayala a njinga yawo ngati amva kuti aphwa. Patapita nthawi ananena motsitsa mawu kuti mwina ndi bwino kubwerera.

Atelala anakana. Chiyambireni ntchito, dziko ankalionera pawindo la shopu, ndipo mtsinjewo ankangoudziwa ngati madzi akuda odutsa kuseri kwa msika. Anati poti avutika kale, akufuna akaone pamene umabadwira.

Anakankha njinga mpaka pa famu ya ng'ombe zamkaka, pamwamba penipeni pa chigwa. Mwini famuyo, mayi wovala magambutsu, anawatengera kuseri kwa khola n'kuwalozera kachithaphwi kokhala ndi udzu m'mbali. Pakati pake panali bakha, atagona.

"Ndi umenewu?" anafunsa Atelala.

"Ndi womwewo, bambo. Bakhayo akadzuka, umayenda bwino."

Atelala anagwada, nasamba kumaso. A Ndikudziwa anati iwo ankadziwa kale kuti pakhala bakha.

Anapuma pa famupo mpaka miyendo inasiya kunjenjemera. Potsika, a Ndikudziwa anati mabuleki ndi a anthu amantha, ndipo anatsogola. Pa kona yoyamba msewu unakhota, iwo sanakhote. Atelala anakawapeza m'munda wa kabichi, miyendo ili m'mwamba, akufotokoza kuti anasankha dala pofewa. Phazi linatupa, gudumu lakutsogolo linapindika ngati mbale.

Anthu a pa famupo anakweza a Ndikudziwa pa lole yonyamula mkaka pamodzi ndi njinga yawo. Atelala anatsika okha, osapalasa n'komwe, mphepo ikuwaziziritsa dazi, akuimba nyimbo zimene anaziiwala kalekale. Madzulo ndithu anaipeza lole ija itaima pambali pa msewu. Dalaivala anali atatsika, atakhala pamwala, mutu uli m'manja. A Ndikudziwa, atatulutsa phazi lotupalo pawindo, anali akumufotokozerabe mmene giya amasinthira.