Chiphaso cha Che Ayub

Mayi wina dzina lake Awa anali atangotha mwezi umodzi pa eda, chibindikiro cha wamasiye wa Chisilamu, pamene anapeza kuti chiphaso cha unzika cha malemu amuna ake, Che Ayub, mulibe m'sutikesi. Anakhuthulira zonse pamphasa: mkanjo, mikanda yopempherera ya tasibihi, singano yosokera ukonde. Chiphaso osaoneka.

"Rahma! Wagwira sutikesi ndani?"

Mlamu wakeyo anaima pakhomo, maso pansi. "Chiphasocho ndapatsa a Fletcher, alamu. Akulemba mayina a mavoti. Akuti wopereka chiphaso alandira ufa."

"Achimwene ako ali m'manda. Akavota bwanji?"

"Akuti zimenezo tiwasiyire iwo. Akutinso poti inu simungatuluke, mupereke chanu akakulembetsereni."

Awa anadzambatuka. Eda ndi miyezi inayi ndi masiku khumi: wamasiye sayendayenda, sacheza ndi amuna. Fletcher, wokopa anthu wa chipani uja, anakulira pa Lungwena pomwepa. Ankadziwa bwino kuti wamasiye sangamulondole. Galu!

Awa anafunda chitenje natuluka, wopanda nsapato. Amayi oyanika usipa pathandala anagwira pakamwa. Rahma ankathamanga m'mbuyo: "Alamu, haramu! Anthu atinena!"

Anampeza Fletcher pansi pa mtengo wa mango, kope pamwendo, jumbo yodzaza ziphaso pambali.

"Iii, mayi, si muli pa eda inu?"

"Eda mwaidziwa lero? Amuna anga sanagulitsepo voti ali moyo, ngakhale chaka cha njala. Ndiye muwagule atafa? Ndi ufa?"

"Tikungolemba manambala, mayi. Musatiyambitsire phokoso."

Awa anatsomphola jumboyo n'kuikhuthula pamchenga. Anagwada, n'kuyamba kutembenuza ziphasozo chimodzichimodzi. Kuwerenga kwake n'kwapang'onopang'ono, koma nkhope ankazidziwa zonse.

"Che Shaibu awa, anamira chaka chatha! A Simioni awa, tinawaika Paskha isanafike! Bwerani mudzaone, manda onse alembetsa!"

Anthu anaunjikana. Aliyense anayamba kufwanthula chake, ena akutukwana. Fletcher anakwera njinga osatsanzika, kope atalibisa m'malaya.

Cha Che Ayub chinali pansi penipeni. Awa anachipukuta mchenga, anachimanga pamfundo ya chitenje.

"Za kuphwanya eda ndikayankha ndekha kwa Mulungu," anauza Rahma, yemwe anali akulira. "Koma bambo awa sadzukanso kukavotera mbava. Tiye."