Kabokosi ka Chamama

Lusiya anadinanso batani, koma kabokosi ka Chamama sikanasinthe. Kanangokhala kobiriwira, kakunena kuti "Feteleza wafika."

Tsamba la pa intaneti la bungwe lawo la alimi analikonza yekha. Mu pulogalamu yomangira masamba anapanga kabokosi kamodzi kamene ankakatcha mayi, ndipo depoti iliyonse inali ndi kamwana kake. Ukasintha mayi, ana onse ankatsata. M'mawa umenewo uthenga unafika woti lole za feteleza wa makuponi sizinanyamuke n'komwe, ndipo timabokosi tonse tinali tofiirabe kupatula ka depoti ya Chamama.

Mtima wake unali m'mwamba chifukwa cha a Yobu, apongozi ake. Mwamuna wa Lusiya anali ku Joni, ndipo nkhalambayo inkathirira yokha nazale ya fodya. Sabata yathayo inamuimbira kufunsa za feteleza. Lusiya anayang'ana tsamba lake n'kuyankha mosakayika kuti, "Wafika bambo, pitani msanga." Kuyambira pamenepo a Yobu ankagona pamzere ku depoti ya Chamama, kuopa kulandidwa malo.

Anazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Anachotsa zakale zonse mu foni. Ng'o! Kenako anatsegula m'kati mwa kabokosiko. Kanali kodulidwa kwa mayi wake, ndipo mawuwo anachita kulembedwa pamanja.

"A Watson, ndani anagwira ka Chamama?"

A Watson, mkulu wa ofesiyo, sanadzutse n'komwe mutu pa nyuzipepala yawo.

"Ndine. Tsiku lija kunabwera alendo otithandiza aja. Anafunsa za Chamama poti n'kumene anakacheza. Ndiye mumafuna ndiwaonetse zofiira? Mlendo sumuonetsa kuchipinda kosasesa, chemwali."

"Bwanji simunabwezeretse?"

"Aaa, ndinaiwala. Inunso zinthu zanuzi n'zovuta, mayi uku, ana uku, ngati kusikelo."

Anaseka okha. Lusiya anabwerera pa laputopu yake. Analumikizanso kabokosiko kwa mayi wake, ndipo nthawi yomweyo kanafiira. Ntchitoyo sinatenge ndi mphindi yomwe, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri.

Anatuluka panja n'kuimbira foni a Yobu. Dzuwa la Okutobala linali likuswa mtengo.

"Bambo, pepani. Feteleza uja sanafike. Bwererani kunyumba mukathirire nazale."

Kumbali inayo kunkamveka phokoso la anthu ndi mabelu a njinga.

"Ndamva, mayi. Anthu kuno amandiuza kuti tizipita, ine ndimawakaniza. Ndimati mpongozi wanga ndi amene amalemba zimenezi, sanganame."

"Pepani, bambo."

"Musadandaule. A Fainala oyandikana nawo aja anadutsa dzulo. Akuti nazale ija yapsa yonse." Anatsokomola. "Ndingokhala pompano. Kunyumbako ndikathirira chiyani?"