Mkamwini Sapuma

Amuna anga a Maynard anabadwa ndi miyendo. Zina Mulungu anawapatsa mopimira, koma miyendo anawapatsa ndi manja awiri. Atabwera kudzakhala chikamwini kwathu kuno kufupi ndi Nzama, anthu ankaimika makasu kuwayang'ana akamadutsa m'mamawa ali liwiro la mtondo wadooka. Kwathu kuno munthu wandevu sathamanga popanda chifukwa. Akathamanga ndiye kuti ng'ombe zalowa m'munda.

Chimene mtima wawo unkafuna chinali chimodzi: marathoni ya ku Blantyre, mpikisano wothamanga mtunda wautali uja umene umasiya amuna akusanza m'mbali mwa msewu. Chaka chathachi anangotsala pang'ono kulowa m'gulu la otsogola amene amatengedwa kukathamangira dziko kunja. Imvi zinali zitayamba kusuzumira pamwamba pa makutu, ndipo eni ake ankadziwa kuti chaka chino chikawaphonya, kwawathera.

Amene ankawaphunzitsa ndi a Jasper, mphunzitsi wa zamasewero wopuma pantchito, amene ankabwera panjinga yamoto kuchokera kuboma. Tsiku lina anabwera ndi nzeru yatsopano. Anati kuthamanga tsiku ndi tsiku kumadya mawondo, choncho masiku ena a Maynard azisambira m'damu la mthirira, ena azipalasa njinga. Ndipo popeza ku Mangochi kunali mpikisano wa patatu, wosambira, kupalasa njinga kenako kuthamanga, akalowenso umenewo marathoni isanafike.

"Aphunzitsi," ndinatero ine, "ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada."

"Sagwa, mayi a Regina, bola chinthu chimodzi," anayankha a Jasper. "Lolemba ndi Lachinayi azipuma. Thupi sililimba pothamanga, limalimba popuma."

A Maynard anaseka. "Kupuma ndiye ndimapuma tsiku lililonse, aphunzitsi. Ndikadzasiya kupuma mudzamva belu ku tchalitchi."

Tonse tinaseka. Lero ndikakumbukira nthabwala imeneyo sindisekanso.

Lachinayi loyamba a Maynard anayesa ndithu. Anayala mphasa pansi pa mtengo wa mapichesi, nasanjika miyendo pa ndowa monga anawauzira. Posakhalitsa anatulukira bambo anga a Goliati, khasu lili paphewa. Bambo anathera unyamata wawo m'migodi ya ku Joni, ndipo chimene anabwera nacho ndi chifuwa chosatha ndi chidani cha munthu wokhala pansi. Kwathu mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, ndiye anatembenukira galu.

"Galu iwe, wadwala kodi? Ku mgodi munthu wogona dzuwa lili paliwombo tinkamufunditsa bulangete mpaka kumutu."

Galuyo anagwedeza mchira. A Maynard anapinda mphasa, natenga khasu.

Pofika madzulo nkhani inali itafika kale pamjigo. Akuti ine Edna ndakwatiwa ndi mphasa. Ankanena zimenezo ndi azimayi amene amuna awo amachezera kachasu, koma ameneyo ndi ulesi wovomerezeka chifukwa umachitikira kutali ndi maso a apongozi.

Kuyambira pamenepo masiku opuma anasanduka masiku olemetsa kuposa ena onse. Ankakumba kachewere mpaka msana kuuma, n'kumanga matumba panjinga, n'kumakankha zitunda zathu zija mpaka kumsika wa pamsewu. Lamulungu, tsiku lokhalo limene mudzi wonse umakhala pansi popanda woloza chala, ndi limene ankathamanga mtunda wautali kwambiri, chifukwa linali tsiku loti palibe angawasowe kumunda. A Jasper akaimba foni kufunsa ngati apuma, ankayankha ndi mtima woyera: "Ndapuma, aphunzitsi, lero sindinathamange n'komwe." Sankanama. Kwa iwo, monga kwa aliyense wobadwira kumudzi, khasu silikhala m'gulu la zinthu zowerengedwa.

"Bambo a Regina, uku si kupuma," ndinawauza.

"Ndigone pamphasa bambo akulima? Pakhomo pano si panga, Edna. Ndinabwera ndi chikwama chokha."

Ndinapita kwa bambo, ndinagwada, ndinafotokoza zonse mmene a Jasper ananenera. Anandimvetsera mpaka kumapeto, ndipo ndikuwayamika pamenepo pokha.

"Mwana wanga, munthu amatopa ndi ntchito," anatero. "Kusamba m'damu, kukwera njinga yopanda katundu, kuthamanga wopanda wokupirikitsa, si kupumako kumeneko? Apumenso kupuma?"

Ndinadzuka mawondo ali ndi fumbi, mtima uli ndi ukali. Ungamuyankhe chiyani munthu amene akunena zimene mudzi wonse umakhulupirira?

Thupi linayamba kudandaula. Chimfine cha madzi ozizira a m'damu chinakana kutha. Chakudya ankangochitosa. Masaya analowa, tulo tinathawa, ndipo munthu amene sankadziwa kukalipa anayamba kukalipira ngakhale nkhuku. Liwiro litayamba kuchepa, iwo anaganiza kuti akuchita ulesi, ndiye anawonjezera mtunda. Kenako panabwera ululu pa fupa la kutsogolo kwa mwendo wamanzere, pansi pa bondo. Ankapakapo mafuta otentha aja a kugolosale n'kumati ndi mnofu chabe. Ine ndinkachita mantha, ndipo ndinkawauza, koma mantha a mkazi pamudzi pano amamveka ngati phokoso la mvula padenga.

Ku Mangochi anapita. Anasambira, anapalasa, koma pothamanga anamaliza akutsimphina, anyamata amene kale ankawasiya kutali akuwadutsa mmodzimmodzi. A Jasper anawabweretsa okha panjinga yamoto, ndipo atawafunsa bwinobwino za masiku opuma aja, anagwira pakamwa. Anapempha kuonana ndi bambo. Anati marathoni yayandikira, mwendowu ungathe kupola, koma munthuyu asanyamule kanthu, asalime, asathamange, angokhala.

"Tamva, aphunzitsi," anatero bambo mwaulemu wonse, nawapatsa kachewere wa m'thumba kuti akadye kuboma.

Kunena zoona, bambo anasunga mawu awo. Sanalankhulenso ndi galu. A Maynard anagona pamphasa masiku angapo, nkhope atalozetsa kukhoma ngati wakuba, ndipo kutupa kunayamba kuphwa. Ndinayamba kukhulupirira kuti mwina tapulumuka.

Ndiye kunabwera lole ya ogula kachewere, Lachinayi, mitambo itada bii. Lole siifika kudimba kwathu, imaima pamwamba pa chitunda, ndipo dalaivala ankangoliza hutala kuti mvula ikagwa sadikira munthu. Tonse tinathamangira kumatumba, ine, amayi, ngakhale azakhali odwala nyamakazi. Bambo sanayang'ane n'komwe kumphasa. Anangowerama, nadzikweza thumba pamsana, nayamba kukwera akutsokomola chifuwa chawo cha ku mgodi chija, mpaka anagwada pakati panjira thumba lili pamsana.

Ndi mkamwini uti akanaonerera zimenezo ali chigonere? Ndinakuwa kuti bwererani, koma a Maynard anali atafika kale. Anawalanda bambo thumba lija, nalifikitsa pa lole. Anabwerera lachiwiri. Pa lachitatu, ndili pambuyo pawo, ndinamva kuti thyo, ngati phesi louma. Sanalire. Anatula thumba pansi bwinobwino kuti kachewere asabalalike, nakhala pambali pake, nandiyang'ana.

"Edna, Blantyre uja wapita," anatero.

Kuchipatala anajambula mwendo. Dokotala anati fupalo linali ndi mng'alu kuyambira kale, thumba lija langomalizitsa. Anawaika chikhakha kuchokera kuphazi mpaka pamwamba pa bondo. A Maynard atafunsa za chaka chamawa, dokotala anayang'ana imvi zija, nati kuyenda adzayenda, koma za mipikisano asaikepo mtima. A Jasper, amene anatiperekeza, anatuluka panja osatsanzika.

Pamjigo anapeza nthabwala yatsopano. Akuti akale anati mkamwini asamakule mwendo, koma wa kwa a Goliati waukulitsa mpaka wayera. Ndinataya madzi anga pamapazi pa amene ananena zimenezo, ndipo sindinapepese.

Tsiku la marathoni a Maynard anapempha kuti ndiwayalire pansi pa mtengo wa mapichesi, wailesi ili pafupi ndi khutu. Muulutsi ankatchula maina a otsogola, ndipo ena mwa iwo anali anyamata amene a Maynard anawasiya m'mbuyo chaka chatha. Sanagwedezeke. Ine ndinkasenda nyemba chapatali, misozi ikugwera m'lichero, chifukwa ndinkadziwa kuti dzina limene akulidikira silimveka, lero kapena tsiku lina lililonse.

Bambo anatulukira kuchokera kudimba. Anavula chipewa nakhala pachitsa moyang'anana ndi a Maynard. Galu anali pomwepo, koma ulendo uno sanalankhule ndi galu. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire changa, analankhula ndi mkamwini wawo maso ndi maso.

"Pumani, bambo," anatero. "Ntchito tigwira ife. Inu pumani ndithu."

A Maynard anazimitsa wailesi mpikisano usanathe.

"Zikomo, bambo," anayankha. "Ndapuma."

Madzulo ake anandituma kuti nditenge nsapato zawo zothamangira, zimene sankalola ngakhale mwana wathu Regina kuzikhudza, ndikawapatse bambo. Akuti zingawathandize m'matope a kudimba.